Mwafunsa, Tayankha: Kutsata Yesu ndi Kuitanira Ena kwa Iye

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza nkhani imodzi: munthu amene wamva kuitana kwa Ambuye Yesu achite chiyani, nanga anzake awafikire motani. Akuyankha ndi abusa, akatekisiti ndi akulu ampingo a m'gulu lathu, ochokera m'mipingo yosiyanasiyana. Mayina a olemba makalata sitisindikiza.

FUNSO: Ndili ndi golosale pamsika, ndipo kunyumba kuli mayi ndi ana anayi. Lamulungu lapitali abusa analalikira za Petro ndi Andreya amene anasiya makoka awo n'kutsata Yesu. Kuyambira tsikulo mtima wanga sukukhazikika. Kodi nanenso nditseke golosale kuti ndikhale wophunzira weniweni?
Bambo a ku Mchinji

YANKHO: Bambo, golosaleyo musatseke. Werengani Marko 1:16-20, kenaka mutsegule Marko 5:18-20. Asodzi aja Yesu anawachotsadi pa ntchito yawo. Koma munthu wa ku dziko la Agerasa, amene anatulutsidwa ziwanda, anachita kupempha yekha kuti apite naye, Yesu n'kumukaniza. Anamutuma kwawo kuti akauze abale ake zimene Ambuye amuchitira. Onsewa anamvera kuitana, ena pochoka pakhomo, wina potsala. Paulo ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila (Machitidwe 18:3), ndipo pa 1 Timoteo 5:8 timawerenga kuti munthu wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro.

Kuitanako kukupezani m'golosale momwemo, ndipo n'kovuta kuposa kukhoma chitseko. Yambani ndi sikelo: kilogalamu ya shuga ikhaledi kilogalamu. Botolo loyezera mafuta ophikira lisakhale lobinyidwa kunsi. Katundu amene masiku ake anapitirira mumutaye, osafufuta deti n'kumuika patsogolo. Tsegulani buku la ngongole muone ngati simuwonjezera kanthu pa zimene gogo wosadziwa kuwerenga anatenga. Ngati mumakongoza ndalama mwa katapila, lekani. Mnyamata wokuthandizani alandire malipiro ake pa tsiku limene munapangana. Ndipo ngati pakhomo la golosale munakwirira mankhwala okokera makasitomala, itanani akulu ampingo awiri, mufukule, mutenthe. Okhulupirira a ku Efeso anatentha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000 (Machitidwe 19:19). Zakeyu naye sitimva kuti anauzidwa kusiya ntchito ya msonkho. Chimene chinasintha ndi kagwiridwe kake ka ndalama, mpaka analonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera.

Tisakunamizeni, phindu likhoza kutsika miyezi yoyamba. Yesu sanabise zimenezi. Anati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake (Luka 14:28). Walira mvula walira matope.

Ngati zonsezi mwachita koma mtima ukukukokeranibe ku utumiki wa nthawi zonse, njira yake ilipo. Kambiranani ndi mayi kunyumba choyamba. Kenaka uzani abusa ndi akulu ampingo, akupatseni ntchito yooneka, monga kuphunzitsa kalasi ya ubatizo kapena kutsogolera mlaga (kagulu kopemphera ka mabanja oyandikana), kwa chaka chathunthu golosale ikuyendabe. Kuitana kwenikweni mpingo umakuona ndipo umakuchitira umboni. Munthu akangodzuka m'mawa n'kugulitsa katundu yense popanda womufunsa, amene amavutika ndi ana.

FUNSO: Ndinabatizidwa zaka zitatu zapitazo. Ndimafunitsitsa kuuza anzanga za Yesu, koma ndine wamanyazi, Baibulo sindilidziwa kwenikweni, ndiponso ndimaopa kufunsidwa funso loti lindikanike. Ndiyambire pati?
Mtsikana wa ku Ndirande

YANKHO: Achemwali, anthu oyamba kuitanira anzawo kwa Yesu ankadziwa zochepa kuposa inu. Andreya atangocheza ndi Yesu tsiku limodzi anakapeza m'bale wake Simoni n'kubwera naye (Yohane 1:41-42). Filipo atauza Natanaele za Yesu wa ku Nazarete, Natanaeleyo anayankha monyoza kuti ku Nazarete sikungachokere chabwino. Filipo sanatsutsane naye, anangomuuza kuti abwere adzaone yekha. Mayi wa ku Samariya atakumana ndi Yesu pachitsime anabwerera kumudzi ali ndi funso pakamwa, loti kodi ameneyu sangakhale Khristu, ndipo anthu anatuluka kukamuona (Yohane 4:29-30). Ntchito yanu ndi yomweyo: kufikitsa munthu pamene angamve Yesu mwiniwake.

Tengani pepala mulembe mayina awiri kapena atatu a anthu amene mumaonana nawo sabata iliyonse. Asapitirire atatu, chifukwa simungakwanitse kuyenda ndi ochuluka. Popeza ndinu mtsikana, sankhani akazi anzanu. Kwa mwezi wathunthu muziwapempherera potchula mayina tsiku ndi tsiku musananene kanthu. M'mwezi umenewo khalani womvetsera. Dziwani chimene chikuwasowetsa tulo, kaya ndi lendi, kaya mayi awo akudwala kumudzi, kaya chibwenzi chawakhumudwitsa. Akadwala kawazondeni. Munthu amatsegula makutu kwa amene anamumvetsera kale.

Konzaninso umboni wanu woti munganene m'mphindi zitatu: mmene munalili, mmene munafikira pokhulupirira, ndi chimene chasintha. Onjezani chinthu chimodzi chimene mukulimbana nachobe, chifukwa mnzanuyo amakudziwani ndipo akamva zoti zonse zili bwino adzadziwa kuti mukukometsa. Ngati munakulira m'banja lopemphera ndipo mulibe mbiri ya mowa kapena ndewu, musapeke. Nenani nthawi imene chikhulupiriro cha makolo chinasanduka chanuchanu. Pewani mawu amene amamveka kwa anthu a m'tchalitchi okha, monga kudzoza kapena kusambitsidwa m'mwazi. Lankhulani monga mumalankhulira pampopi.

Mukaona kuti mpata wapezeka, pemphani poyera: "Kodi ungalole kuti tiziwerenga limodzi Uthenga wa Marko kamodzi pa sabata?" Timakonda Marko chifukwa ndi waufupi pa Mauthenga anayi onse, ndipo amaonetsa kwambiri zochita za Yesu. Ali ndi mitu 16, choncho mutu umodzi pa sabata ndi miyezi inayi. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, lili ndi mawu ena akale ovuta kwa achinyamata. Buku Loyera la mu 1998 ndi losavuta kumva. Gwiritsani ntchito limene muli nalo, ngakhale la pafoni. Ngati mnzanuyo sadziwa kuwerenga, Baibulo lomvetsera la Chichewa lilipo, mukhoza kumuikira pafoni.

Kukumana kwanu kusapitirire mphindi 40. Yambani ndi kufunsana za moyo. Kenaka werengani ndimeyo mokweza kawiri, mutseke buku, iye afotokoze nkhaniyo m'mawu ake. Apa ndi pamene mumadziwira chimene wamva. Mukatero funsani mafunso atatu: ndimeyi ikutiuza chiyani za Yesu, ikutiuza chiyani za ife anthu, ndipo ngati ndi yoona ndichite chiyani sabata ino. Funso lachitatulo muziyankha nonse awiri, ndipo sabata yotsatira muyambire pomwepo. Tsekani ndi pemphero lalifupi. Mukaona kuti mwalankhula kuposa mnzanuyo, dziwani kuti mwayamba kulalikira, ndipo ambiri amathawira pamenepo.

Za funso lokukanikani, yankho lake ndi lakuti, "Sindikudziwa, ndikafunsa kwa abusa." Mukafunsedi, ndipo sabata yamawa mubwere nalo yankho. Zimenezi zimamanga chikhulupiriro cha mnzanuyo mwa inu kuposa kuyankha mongoganizira.

Zimene zimaononga ntchitoyi kawirikawiri ndi izi. Mkangano wa tsiku lopembedza, wa nkhumba, kapena wa ubatizo womiza ndi wowaza umadya nthawi yonse munthu asanamudziwe Yesu. Ukabuka muuzeni kuti mudzakambirana mukamaliza Marko. China ndi kutenga zinsinsi zimene wakuuzani n'kukazinena kumlaga ngati chopempherera. Akangomva, mwamutaya, ndipo mwamulakwira. China ndi kumusiya akakana. Akati safuna, muyankhe kuti palibe vuto, ndipo mawa mum'patse moni monga kale. Chikondi chimene chimatha munthu akakana kupita kutchalitchi sichinali chikondi.

Tsiku limene adzanene kuti akufuna kutsata Yesu, musathamangire kumuuza kuti abwereze pemphero pambuyo panu. Werengani naye 1 Akorinto 15:3-4, pamene pakunena kuti Khristu anafera machimo athu, anaikidwa m'manda, ndipo anauka tsiku lachitatu. Mufunseni afotokoze yekha chimene akukhulupirira ndi chimene akusiya. Apemphere m'mawu akeake, ngakhale akhale ochepa. Lamulungu mukamutenge kunyumba kwake, mukhale naye benchi limodzi, ndipo mapemphero akatha mum'perekeze kwa amene amalemba mayina a kalasi.

FUNSO: Mnansi wanga ndi wa mpingo wina. Ndikamuitanira kwathu, anthu akuti ndikuba nkhosa. Zoona?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, zitengera mmene mnansiyo alili. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 amadzitchula Akhristu. Ndiye kuti anthu ambiri amene mungawafikire ali kale ndi dzina la mpingo. Ngati mnansi wanu amapemphera mokhulupirika kwawo, musiyeni komweko, muzilimbikitsana. Kumusamutsa sikuwonjezera ngakhale munthu mmodzi mu ufumu wa Mulungu, ndipo Paulo ankapewa kumanga pa maziko a munthu wina (Aroma 15:20).

Ngati anasiya kupemphera kalekale, ameneyo ndi woyenera kumufikira. Mufunseni chimene chinamuchotsa. Mwina anakhumudwa ndi mmene maliro a m'bale wake anayendera, mwina anaikidwa pa chilango n'kuchita manyazi kubwerera. Yambani mwadzipereka kum'perekeza ku mpingo wake. Akasankha yekha kubwera kwanu, akulu ampingo afunse kalata yosamukira kapena alankhule ndi atsogoleri a kumene akuchokera, kuti asakhale akuthawa mlandu woti akanaukonza.

Pamene sitingakuuzeni kuti mukhale chete ndi pomwe munthu ali m'gulu lomuletsa kupita kuchipatala, lomuuza kuti ataye ma ARV, kapena lomugulitsa madzi ndi mafuta kuti alemere. Pamenepo lankhulani mosabisa mawu, chifukwa moyo wake uli pachiswe.

FUNSO: Mpingo wathu unachititsa msonkhano wachitsitsimutso wa masiku atatu. Anthu oposa 80 anabwera kutsogolo. Patha miyezi inayi, ndipo amene akubwerabe sakukwana khumi. Tinalakwitsa pati?
Mkulu wampingo, Dowa

YANKHO: Bambo, poyamba tichotsepo nambala ija. Mwa anthu 80 amene anaimirira, ena anali Akhristu anu omwe amene anakhudzidwa ndi uthenga. Ena anabwera kuti apemphereredwe matenda. Ena ndi ana otsatira anzawo, ena ndi a mipingo ina ndipo anabwerera kwawo. Ngati simunafunse aliyense chimene anadzera, simukudziwa kuti otembenuka mtima analipo angati. Komanso Yesu ananeneratu m'fanizo la wofesa mbewu kuti ena amalandira mawu ndi chimwemwe koma alibe mizu (Marko 4:16-17).

Koma gawo lalikulu ndi la ife atsogoleri. Taonani mmene ndalama za msonkhano zinayendera: zokuzira mawu, mafuta a jenereta, thiransipoti ya mlaliki, chakudya cha alendo. Nanga zogulira Mabaibulo ndi zoyendera otembenuka mtima zinalipo zingati? Lamulo la pa Mateyu 28:19-20 silithera pa kulalikira. Likunena za kubatiza ndi kuphunzitsa anthu kusunga zonse zimene Yesu analamula, ndipo imeneyo ndi ntchito ya miyezi ndi zaka.

Ulendo wina yambani mwezi umodzi msonkhano usanachitike. Sankhani alangizi, amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata, muwaphunzitse kanayi. Mlangizi mmodzi angathe kusamala anthu atatu kapena anayi basi. Mukakhala ndi alangizi 15, mwakonzekera anthu osapitirira 60. Munthu akabwera kutsogolo, mlangizi apite naye pambali, akhale pansi kwa mphindi khumi. Alembe dzina, mudzi, nyakwawa, chizindikiro cha pamene pali nyumba monga mjigo kapena chigayo, nambala ya foni ngati ilipo, mpingo wake ngati ali nawo, ndi chifukwa chimene wabwerera. Dzina lokha lopanda mudzi silithandiza kanthu.

Ulendo woyamba wokamuona uchitike pasanathe masiku atatu. Mbande yongowokedwa kumene ikapanda kuthiriridwa masiku oyambirira imafota, ngakhale inali yabwino ku nazale. Pitani awiriawiri monga Yesu anatumira ophunzira ake (Luka 10:1), amuna kwa amuna, amayi kwa amayi. Mukafika pakhomo la mayi wapabanja, yambani mwalonjerana ndi bambo wa pakhomopo n'kufotokoza chimene mwadzera. Akakhala mwana wosakwana zaka 18, pemphani chilolezo kwa makolo. Mabanja ambiri amadana ndi mpingo chifukwa choti unalowa pakhomo mozemba.

Sabata yomweyo mum'lowetse m'kagulu kopemphera ka kufupi ndi kwawo. A CCAP amati mlaga, Akatolika amati mphakati kapena limana. Mu dayosizi ya Lilongwe miphakati inakhazikika pa nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe m'zaka za m'ma 1970, ndipo nzeru yake ndi yosavuta kuimva: m'tchalitchi chodzaza munthu akajomba palibe amazindikira, koma pa gulu la mabanja ochepa oyandikana amadziwika tsiku lomwelo. Kalasi ya ubatizo ndi yofunika, ndipo kutalika kwake kumasiyana mpingo ndi mpingo, koma kalasi payokha sikwanira. Mphunzitsi wa kalasi amaona munthu ola limodzi pa sabata. Mlangizi ndi amene amadziwa kuti Lachisanu madzulo anzake akale amabwera kudzamutenga.

M'masabata asanu ndi limodzi oyamba mlangizi adutse naye mitu iyi, umodzi pa sabata: chimene Yesu anamuchitira ndi chifukwa chake angakhale wotsimikiza, kapempheredwe poyambira pa Pemphero la Ambuye, kawerengedwe ka Baibulo, mayesero ndi chochita akagwa, mpingo ndi masakramenti, ndiponso kuuzako a m'banja lake. Mutu wachinayiwo musaudumphe. Ambiri amasowa atagwa koyamba. Munthu waledzeranso kamodzi, akuganiza kuti Mulungu wathana naye, ndipo manyazi akumukanikitsa kulowa m'tchalitchi. Akanakhala kuti anaphunzira 1 Yohane 1:9 akanabwerera. Mukamva kuti wagwa, pitani ndinu, ndi mtima wofatsa monga akunenera Agalatiya 6:1, osadikira kuti aitanidwe ku bwalo la akulu.

Malo ena ogwera ndi odziwika. Mwana akadwala, achibale amakakamiza zopita kwa sing'anga, ndipo ngati a mpingo sanafike ndi pemphero ndi thandizo lopitira kuchipatala, munthu amapita kumene kuli anthu omugwira dzanja. Ena amasiya chifukwa alibe chovala chooneka bwino, ndipo wina anawayang'ana moseka. Enanso anauzidwa pamsonkhano kuti akalandira Yesu mavuto onse atha, ndiye ngongole ikakhalapobe amati ananamizidwa. Ameneyo ndi mlandu wa mlaliki, ndipo muzikambirana naye uthenga wake musanamuitane.

Za anthu oposa 70 amene asowawo, nthawi sinathe. Ngati mayina alipo, agawaneni sabata ino. Pokafika musawafunse chifukwa chimene anathawira. Afunseni za moyo wawo, mupepese kuti munachedwa kubwera, mupemphe ngati mungabwerenso.

FUNSO: Amuna anga sapemphera. Ndikawauza za kutchalitchi amakwiya, amati ndasanduka m'busa m'nyumba mwawo. Ndakhala ndikuwatsegulira maulaliki a pawailesi mokweza koma palibe chikusintha.
Mayi wa Mvano, Mulanje

YANKHO: Mayi, wailesiyo itsitseni. Bambowo uthenga anaumva kale, ndipo akudziwa kuti mukuwatsegulira iwo. Lemba la 1 Petro 3:1-2 linalembedwera amayi a vuto ngati lanuli. Likuti amuna osamvera mawu akhoza kukopeka popanda mawu, poona khalidwe la akazi awo. Paulo naye akuti ngati mwamuna wosakhulupirira akulola kukhala nanu, musamusiye (1 Akorinto 7:13).

Werengani masiku amene mumachoka pakhomo pa sabata: Lamulungu, tsiku la Mvano, kwaya, mlaga, mwinanso mapemphero a usiku wonse. Abambo ambiri sadana ndi Yesu, amadana ndi mpingo umene ukuoneka ngati wawalanda mkazi. Sankhani zofunika, zina muchepetse, ndipo muziwauza nthawi yochoka ndi yobwera. Ndalama ya chopereka muzigwirizana, osatapa mobisa pa ya ndiwo. Pagulu musawatchule ngati chidakwa chofunika kupemphereredwa, chifukwa mawu amenewo amafika kwa eni ake.

Mwamuna amamva msanga kwa mwamuna mnzake. Pemphani mkulu wampingo wa msinkhu wawo, amene angacheze nawo za ulimi, za mpira kapena pa bawo, kuti apange nawo ubwenzi weniweni osafulumira kulalikira. Inu muziwaitana pa masiku apadera, monga ubatizo wa mwana, Khirisimasi kapena tsiku la masika. Itanani kamodzi, akakana musatupe. Akakhala pa vuto, monga matenda kapena kutha kwa ntchito, afunseni mofatsa ngati angalole kuti muwapempherere.

Sitingakulonjezeni kuti adzatembenuka, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 7:16 sanalonjezenso. Koma tinene ichi momveka: kufatsa kumene tikunenaku sikutanthauza kupirira nkhanza. Ngati amakumenyani kapena kukuopsezani, umenewo si mtanda woti muusenze. Uzani ankhoswe ndi abusa, ndipo pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Mangochi ndipo mnzanga wapamtima ndi Msilamu. Tikayamba kukamba za Mulungu zimathera mu mkangano. Ndingamuuze bwanji za Yesu popanda kuononga chinansi?
Mphunzitsi wa ku Mangochi

YANKHO: Aphunzitsi, yambani mwadziwa chimene mnzanuyo amakhulupirira, ndipo mumve kwa iye mwini. Asilamu amalemekeza Yesu, amene amamutchula Isa mwana wa Maryam. Amavomereza kuti anabadwa mwa namwali, kuti anali mneneri, ndi kuti anachita zozizwitsa. Sura ya 19 ya Korani ili ndi dzina la amayi ake. Pamene timasiyana ndi pakuti iwo savomereza kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, savomereza kuti anafa pa mtanda, ndipo chiphunzitso cha Utatu Woyera amachiona ngati kupembedza milungu itatu. Kusiyanaku n'kwakukulu ndipo musakubise.

Mikangano yambiri imabuka pa mawu oti Mwana wa Mulungu. Mnzanuyo akamva zimenezi akhoza kuganiza kuti mukunena kuti Mulungu anakwatira n'kubereka monga munthu. Muuzeni kuti Akhristu nawonso amakana zimenezo, ndi kuti timakhulupirira Mulungu mmodzi (Marko 12:29). Mukatero mwachotsa chopunthwitsa chimene sichinali chofunika, ndipo mwatsala ndi nkhani yeniyeni, yoti Yesu ndi yani.

Gwirizanani kuti muzipatsana mpata: iye afotokoze inu mukumvetsera mpaka amalize, kenaka inu. Musanyoze Muhammad kapena Korani ngakhale mocheza. Baibulo lanu musaliike pansi kapena kulipinda m'thumba la kumbuyo, chifukwa kwa iye buku loyera limasungidwa mwaulemu. Mukamuitana kunyumba, pasakhale nkhumba kapena mowa, ndipo ngati nyama sinachinjidwe mwa Chisilamu phikani nsomba. Akalola kuwerenga, yambani ndi Uthenga wa Luka, umene umayamba ndi nkhani za Zakariya, Yohane ndi Mariya, anthu amene iye anawamvapo kale. Mukafike pa mutu 15, pa fanizo la mwana wolowerera. Ngati amamasuka m'Chiyao, Malemba alipo m'chilankhulocho. Lemba lokutsogolerani likhale 1 Petro 3:15-16: khalani okonzeka kufotokoza chiyembekezo chanu, koma mofatsa ndi mwaulemu.

Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo, inu ndi iye chimodzimodzi. Komabe dziwani kuti kwa iye kutsata Yesu kukhoza kumudanitsa ndi makolo, mkazi ndi mudzi wonse. Akadzafika pamenepo, nthawi youza abale asankhe yekha. Musamuimike kutsogolo kwa mpingo ngati chikho chimene mwapambana, ndipo zithunzi zake musaike pa Facebook. Mpingo ukhale wokonzeka kumulandira ngati m'bale pa chakudya, pa matenda ndi pa maliro. Chinanso, poti ndinu mphunzitsi: zimenezi ndi za inu ndi mnzanu wamkulu. Ana a sukulu a Chisilamu musawakope makolo awo asakudziwa. Ndipo mnzanuyo akakhalabe Msilamu mpaka kalekale, akhalebe mnzanu.

FUNSO: Nthawi ya njala mpingo wathu umagawa ufa. Ena mu komiti akuti tizipatsa okhawo amene avomera kulowa kalasi, kuti mpingo ukule. Kodi n'kulakwa?
Dikoni wa ku Chikwawa

YANKHO: N'kulakwa, bambo, ndipo muikane nzeru imeneyo. Munthu amene ana ake agona ndi njala adzavomera chilichonse, ndipo kuvomera kotero si chikhulupiriro. Kalasi idzadzaza mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikacha idzaphwa, ndipo mudzakhala mutaphunzitsa mudzi wonse kuti Yesu amagulidwa ndi thumba la ufa. Yesu anadyetsa anthu 5,000 osawafunsa kanthu, ndipo atamutsatira chifukwa cha mkate anawauza poyera kuti akumufunira kukhuta (Yohane 6:26). Agalatiya 6:10 akuti tichitire zabwino anthu onse.

Mayina a olandira alembedwe potengera kuvutika: okalamba, ana amasiye, odwala, olumala, amayi oyembekezera. Lembani pamodzi ndi nyakwawa ndi komiti ya m'mudzi, ndipo Msilamu, wa gule ndi wosapemphera alowe pa mndandanda mofanana. Pa tsiku logawa mukhoza kupemphera mwachidule n'kunena kuti thandizoli laperekedwa m'dzina la Khristu. Koma tsikulo pasakhale kuitanira anthu kutsogolo, ndipo buku la kalasi litsale kunyumba. Wofuna kudziwa zambiri adzabwera tsiku lina m'manja mwanu mulibe ufa.

FUNSO: Ndimalalikira m'minibasi popita kuntchito, ndiponso ndimatumiza mavesi m'magulu onse a WhatsApp amene ndilimo. Ena akudandaula, ndipo gulu lina anandichotsamo. Kodi kumeneku si kuzunzidwa chifukwa cha Uthenga?
Mnyamata wa ku Chilomoni

YANKHO: Achimwene, changu chanu n'chabwino, koma kudandaula kwa anthuwo kumvereni. M'minibasi munthu sangatuluke, ndipo wina akuchokera kuchipatala, wina ku maliro. Ngati mukufuna kupitiriza, pemphani kaye kwa dalaivala ndi okwera, ndipo wina akakana khalani pansi mwaulemu. Musapitirire mphindi zisanu. Nenani nkhani imodzi ya Yesu, osatchula mipingo ya ena kapena kuloza kavalidwe ka amayi amene ali momwemo. Musatolere ndalama, chifukwa mukangotambasula dzanja zonse zimene mwanena zimaoneka ngati malonda. Akolose 4:6 akuti mawu athu akhale achisomo, okoleretsedwa ndi mchere. Vuto lina la m'minibasi ndi lakuti amene wakhudzidwa amatsika pa siteji yake osadzaonananso nanu, choncho muzitchula tchalitchi ndi nthawi imene angakupezeni.

Za WhatsApp, gulu la kuntchito kapena lokonzera ukwati lili ndi cholinga chake, ndipo amene anakuchotsani sanazunze Uthenga. Mauthenga oti tumizani kwa anthu khumi kuti mudalitsidwe musawatumizenso, chifukwa amaopseza anthu ndipo Malemba salonjeza zotero. Mavidiyo aataliatali amangodya bandulo ya anzanu. Sankhani munthu mmodzi amene mukudziwa chimene akudutsamo, mum'tumizire vesi limodzi ndi mawu anuanu awiri kapena atatu, madzulo mumuimbire kumufunsa mmene waswerera. Akayankha momasuka, mupempheni kuti muziwerenga limodzi Marko monga tafotokozera mtsikana wa ku Ndirande uja.